Dzanja Langa Lamanja ndi Nsawa za Atate

Abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Ambuye wathu.

Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mundipirire, mawu angandithere panjira.

Kwa amene simundidziwa, ndine Tikambenji, mwana wa aPhiri akhala kutsogolowa. Ndinakulira konkuno ku Zemba, koma tsopano ndimaphunzitsa ku yunivesite ku Lusaka. Atate amauza anthu kuti ndimakonza mawailesi. Sakunama kwenikweni. Ndinaphunzira uinjiniya wa zipangizo zamagetsi, za tiwaya tija ta m'kati mwa foni ndi wailesi.

Pa maphunziro anga omaliza ndinasankha vuto la kwathu kuno. Mukuchidziwa chuku chimene chimagwira nsawa zikapanda kuuma bwino. Chimasiya poizoni wosaoneka ndi maso, amene amawononga chiwindi. Ine ndinkapanga kachipangizo kokwana pachikhatho, koti mukadonthezapo madzi a nsawa zosinja, kakuuzeni ngati muli poizoniyo. Ntchito yake ndi ya zala, abale. Kulumikiza tiwaya towonda ngati tsitsi, dzanja osanjenjemera.

Ntchitoyo ili pakati, ndinabwera kudzaona atate. Pobwerera, minibasi imene ndinakwera pa boma inagubuduzika tisanafike ku Chipata. Moyo Mulungu anandisungira. Koma dzanja ili, lamanjali, linapanikizika ndi chitsulo, mitsempha n'kuwonongeka. Atamasula mabandeji, zala zinali ngati za munthu wina. Ndikati pindikani, osamva. Supuni kugwa. Batani la bulauzi kundikanika.

Ndinalira, abale. Ndinalira ndithu. Ndikalowa mu labu, chipinda chathu chofufuziramo, ndinkangokayang'ana kachipangizo kanga kali patebulo, kosatha. Pemphero linauma pakamwa panga. Ndinawaimbira foni atate n'kuti, "Atate, basi. Za sukulu zatha, ndikubwera kumudzi."

Iwo anangoti, "Usanyamuke, Tika. Ndibwera ndine."

Inali nthawi yopalira. Alimi muli pano, mukudziwa kuti kusiya munda nthawi imeneyo n'kutani. Ndipo ndinamva pambuyo pake kuti munda wa atate munaupalira ndinu, amayi a chigwirizano ndi achinyamata, ndi makasu anu, popanda wokutumani. Mulungu akuonereni.

Atate awa, amene chimwalirire amayi anali asanagonepo kunja kwa mudzi, anakwera basi mpaka ku Lusaka. Anatsika atavala jekete lawo la kutchalitchi, paphewa pali thumba la nsawa zosaswa.

Kuchipatala anali atandipatsa kampira koti ndizifinya kuti zala zidzuke, koma ine ndinali nditakaponya kuseri kwa kabati. Atate sanandikalipire. M'mawa mwake anayala mphasa pakhonde, anathira nsawa m'lichero, n'kunena kuti, "Tandithandizako, mayi. Ndekha zandichulukira."

Ndinatola imodzi, inagwa. Ndinatolanso, inagwanso. Atate anaitola, anaiika pakati pa zala zanga, anafumbata dzanja langa ndi dzanja lawo lokhakhala lija, n'kufinya.

"Waona?" anatero. "Imeneyo waswa ndiwe."

Ndinkadziwa kuti sindinaswe ndine. Iwonso ankadziwa. Koma mawa lake tinakhalanso pamphasa. Mkuja tinakhalanso. Asanamasule thumba ankayamba agwira dzanjali n'kupemphera mawu omwewomwewo: "Ambuye, munaliumba ndinu, mukudziwa pamene paduka." Ine sindinkapemphera nawo. Patapita masabata, ndinapezeka ndikuyankha kuti amen.

Masiku ena ndinkakwiya, n'kukankha lichero, nsawa mbwee pakhonde ponse. Munthu wamkulu uyu ankagwada, kuzitola imodziimodzi, n'kundiuza nkhani za kumudzi ngati palibe chachitika. Mzinda unkawasowetsa mtendere, phokoso la magalimoto linkawadwalitsa mutu, koma sananenepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti ndikufuna kwathu.

Tsiku lina atate atalowa m'nyumba kukatunga madzi akumwa, ndinatola nsawa imodzi n'kufinya ndekha. Ndinangomva kuti thwa! Ndinakuwa, abale, ndinakuwa ngati kamwana. Atate anatuluka akuthamanga, kapu ili m'manja. Ataona tinjere tiwiri pachikhatho panga, anakhala pansi pomwepo. Ine atate ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a amayi anadzigwira. Tsiku limenelo analira.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale, ayi. Zala ziwiri izi mpaka lero n'zadzanzi. Koma zitatuzi zikugwira, taonani. Ndinabwerera ku labu. Tiwaya tovuta kwambiri amandilumikizira ophunzira anga, ine ndili pambali kuwalangiza. Kale ndinali mphunzitsi wosapirira, wophunzira akachedwa ndinkamulanda n'kupanga ndekha. Lero sindingalande, ndiye ndimadikira, ndipo ana aja akudziwa ntchito kuposa kale.

Kachipangizo kaja kanatha, ndipo mu labu kakugwira ntchito. Tikukayesabe, ulendo ulipo kuti kafike m'manja mwanu, mutipempherere. Mwezi wathawu anandiveka mkanjo, akuti tsopano ndine dokotala wa maphunziro. Atate anandinong'oneza kuti, "Ndiye uyamba kubaya anthu jakisoni?"

Musaseke kwambiri, abale, mwawachititsa manyazi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga mu minibasi ija. Ndikuthokoza Mulungu amene, pamene ine ndinalephera kupemphera, ananditumizira wondipempherera. Atate, ndikudziwa simukonda kuonekera, koma lero lokha imirirani. Imirirani, atate, anthu akuoneni. Zikomo. Zikomo, atate anga.

Tsono mpingo wa Mulungu, musandisiye ndikondwere ndekha. Amayi, nthungululu mukusungira yani? Akwaya, yambitsani nyimbo. Ombani m'manja nonse, inenso ndiomba nanu, ngakhale kuomba kwanga sikumveka patali. Aleluya! Amen.