Seveni Satseka Tsache Lisanadutse

A wapampando wa bungwe lathu la mipikisano ya magalimoto, a dokotala ndi anzanu a ambulansi, madalaivala ndi amakaniko, anzanga a maovaova, alamu anga mayi a kunyumba pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, ndi inu eni tsikuli, achimwene anga a Mlongoti, ndakulonjerani nonse. Kodi ndalumpha wina? Ngati ndalumpha, mundikhululukire. Lero mutu wanga sukugwira.

Ndinalemba mawu abwino, masamba atatu. Ndafika pano, ndatsegula chikwama, ndapeza kuti ndanyamula pepala la manambala a magalimoto a chaka chatha. Ndiye mukaona ndikukhotera kutchire, musadabwe.

Alendo amene simundidziwa, ine amanditcha Mayi Likulu. Tsiku la mpikisano ndimakhala mutenti, wailesi yaikulu ili patsogolo panga. Anzangawa amamwazikana njira yonse, aliyense ndi ovaova yake, kawailesi kam'manja kaja, aliyense pamalo pake: Wani, Thuu, mpaka Teni. Galimoto ikadutsa, amalemba nambala yake ndi nthawi, n'kundiuza. Ikadutsa pa Sikisi koma osafika pa Seveni, timadziwa kuti yatsala pakati pomwepo, ndipo mkati mwake muli anthu awiri. Ntchito yathu ndi imeneyo basi, kuwerenga magalimoto m'fumbi. Palibe amatilemba, palibe amatilipira. Timangodzipereka. Ndipo pa Seveni, pamwamba pa kaphiri kaja, pakhala bambo awa zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Ndiye a wapampando atandiimbira foni kuti, "Mayi Likulu, mukalankhule, a Mlongoti akupuma pa ntchito," ine ndinafunsa kuti, "Ntchito yake iti?" Yokonza mafiriji ija anapuma kalekale. Nanga munthu amapuma bwanji pa ntchito imene sanamulembe? Abweza chiyani? Mpando? Mpandowo ndi wawo, wopinda uja, wa mwendo womanga ndi waya. Komiti inakhala kawiri kukambirana za mphatso. Wina anati wotchi. Ali ndi mawotchi atatu, onse olondola kuposa ya a wapampando. Wina anati wailesi. Alamu anga atamva anati, "Wailesi ina ikalowa m'nyumba mwanga, ine ndikutuluka." Moti chimene chili m'bokosi ilo ine sindikuchidziwa. Musandifunse.

Chimene ndikudziwa n'chimodzi. Pali mawu awiri amene bambo awa akuwadikira kuchokera pakamwa panga, ndipo ndawathawa miyezi isanu ndi itatu. Ndifikako. Mundilole ndizungulire kaye, mtima ukhale pansi.

Achinyamata mumaganiza kuti dzina loti Mlongoti linabwera chifukwa cha msinkhu. Ayi ndithu. Tsiku lawo loyamba anakwera pa Seveni atasenza mlongoti wa wailesi, wansungwi, wautali, waya atakulunga bwinobwino. Pomangirira chingwe panasowa. Anaona thirakitala yadzimbiri itaima m'mbali mwa munda, iwo n'kuganiza kuti ndi yakufa. Anamangirira pomwepo, mfundo zitatu. Mpikisano uli mkati, mwini munda anabwera, n'kuliza thirakitala yake. Ine mutenti ndinangomva mawu akuchepa pang'onopang'ono.

"Likulu, Likulu, kuno ndi Seveni. Mlongoti wanga ukupita."

"Ukupita kuti?"

"Sunanene."

Chaka chotsatira anakhalira batani la ovaova. Mukudziwa nonse kuti wina akadina batani, enafe sitingalankhule, timangomvera. Mphindi makumi awiri njira yonse inamvera a Mlongoti akutafuna mabisiketi, uku akuuza wowonerera wina maganizo awo. "Galimoto nambala Faifi ija ndiye ayi. Mbuzi yaipitirira pokwera apa, ndaiona ndi maso angawa." A wapampando, musayang'ane kudenga. Tonse tikukumbuka amene ankayendetsa Faifi.

Nanga "Bwerezani" uja? Uwauze nambala momveka bwino chotani, iwo, "Bwerezani." Salemba kanthu asanakamve kawiri. Alamu anga akuti ngakhale kunyumba, akawauza kuti madzi osamba atentha, yankho lake ndi lomwelo. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, uyu wakhala apayu, bambo a mkwatibwi anasowa pakhomo la holo. Tinakawapeza pageti, suti ili m'thupi, pensulo m'manja, akulemba magalimoto a mdipiti. Anabwera nkhope ili gwaa, akuti, "Anyamuka khumi ndi awiri, afika khumi ndi imodzi." Tinaseka. Koma imodzi inalidi itatsala panjira, tayala litaphulika. Ndipo ndi imene inanyamula keke.

Ndawaseka mokwanira. Tsopano ndidziulule ndekha, chifukwa ndikapanda kutero a Tsache andiulula.

Ife a maovaova tili ndi lamulo. Munthu sachoka pamalo pake mpaka zinthu ziwiri zitachitika. Choyamba, lidutse tsache, galimoto yomaliza ija imene imayenda pambuyo pa onse kuona kuti palibe watsala m'njira. Amaiyendetsa ndi bambo awo akulimbana ndi mbale kumapeto kwa tebulo, n'chifukwa chake timawatcha a Tsache. Chachiwiri, Likulu linene kuti, "Mutha kutseka." Zikapanda kukwana ziwirizi, ukhala pomwepo.

Chaka cha mvula yambiri chija, madzi anasefukira pamlatho wa kumunsi kwa Sikisi magalimoto onse atawoloka kale. A Tsache anakhotera njira ina. Mpikisano unatha masana. Ine ndinatseka anthu onse, mmene ndinkaganizira. Tinapita kuholo, tinadya, tinayamba kupereka zikho. Cha m'ma faifi koloko, a wapampando ali pakati pa mawu awo, chikwama changa chinalankhula.

"Likulu, Likulu, kuno ndi Seveni. Magalimoto makumi awiri ndi imodzi adutsa. Tsache silinadutse. Ndikudikira."

Holo yonse inatembenukira kwa ine. Ine manyazi mpaka kuzala zakumapazi. Maola asanu munthu ali pamvula, ambulera atafunditsa wailesi, iye mwini akunyowa! Ndinatulutsa ovaova. "Achimwene, pepani, tsikani, bwerani!" Iwo, "Tsache silinadutse." Ndinachonderera, ndinakalipa. Ayi. Mpaka a Tsache anasiya chakudya, n'kuzungulira njira yakutali, kukadutsa patsogolo pa mpando wawo. Pamenepo m'pamene analemba nthawi, ine n'kuwatseka, iwo n'kupinda mpando. Tsiku limenelo ndinkati bambo awa ndi ouma mutu. Ndinakwiya sabata yathunthu.

Kuuma mutu komweko n'kumene kunapulumutsa munthu. Galimoto imatenga mphindi zitatu kuchoka pa Sikisi kufika pa Seveni. Tsiku lina galimoto nambala Fotini inadutsa pa Sikisi. Itangokwana mphindi yachinayi, ndinamva, "Likulu, Fotini sinafike." Ine ndinati tidikire pang'ono, mwina ndi tayala. Iwo anati, "Mayi Likulu, fumbi lake ndinaliona likubwera, kenako lasowa pakona. Imitsani." Sananene kuti bwerezani, sananenenso chonde. Ndinaimitsa mpikisano. Ambulansi inakaipeza Fotini itagadabuzika m'chigwa, pamalo oti uli mumsewu sungaone kanthu. Wowerenga njira anali atakomoka, dalaivala akutaya magazi. A dokotala, munanena nokha kuti mphindi khumi zina zikanakhala nkhani ina. A Fotini, imirirani anthu akuoneni. Ndi awo. Mtsikana ali pambali pawoyo ndi mwana wawo, anabadwa patatha zaka ziwiri ngoziyo itachitika.

Achimwene, pa chimenecho sindikudziwa kuti zikomo wake ndimunene bwanji. Zikomo basi.

Tsopano apa m'pamene pandizunguza mutu. Chaka chatha, mpikisano womaliza, ndinamvanso mawu omwe aja. "Likulu, Naini sinafike." Sindinafunse kanthu. Ndinaimitsa zonse, ambulansi inanyamuka. Kenako a pa Eyiti akuti, "Likulu, Naini yadutsa kuno kalekale." Dalaivala wa Naini anali atafika kale kumapeto, akumwa madzi, akudabwa kuti ambulansi ikufuna ndani. Tonse tinaseka. Palibe anadandaula, ngakhale mmodzi. Ndani sanalakwitsepo? Ine ndinasiya munthu paphiri maola asanu!

Koma iwo sanaseke. Patatha sabata anabwera kushopu kwanga ndi envulopu, muli kalata yosiya ntchito. Anati, "Mlongo wanga, maso ayamba chifunga. Naini inadutsa pamaso panga, ine ndinangoona fumbi."

Ndinati, "Gulani magalasi."

Anati, "Ndagula. Adokotala a maso akuti si za magalasi."

Ndinati, "Koma munalakwitsira kwabwino. Kuli bwino ambulansi ipite pachabe."

Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Lero ndanena kuti yodutsa sinadutse. Mawa ndidzanena kuti yosadutsa yadutsa, ndipo munthu adzagona m'chigwa inu mukupereka zikho."

Ndinatenga kalata ija, ndinaiponya mudirowa, ndinakiya. Ndinkati ndikangokhala chete, nkhaniyi ifa yokha. Mpaka pano sindikumvetsa. Munthu amene walakwitsa kuwerenga kamodzi pa zaka zonsezi ndi amene akuchoka, ife olakwitsa mpikisano uliwonse tikutsala. Nanga zimenezi n'zoona? Wina andifotokozere.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwezi watha alamu anga anandipeza kushopu komweko. Sanakhale n'komwe pansi. Anati, "Mulamu, mumasuleni mwamuna wanga. Lachisanu lililonse akutchaja mabatire, akusongola mapensulo, mpando akuuika pakhomo. Ndikawafunsa kuti kodi simunasiye, akuti kalata ndinalemba, koma Likulu silinanditseke."

Mwamva? Mpikisano wotsegulira chaka uliko sabata ziwiri zikubwerazi. Ine ndikapanda kutsegula pakamwa, bambo awa akakwera phiri lija. Akakhala pampando paja ndi maso amene iwo eni sakuwakhulupirira, mtima uli m'mwamba pa galimoto iliyonse, chifukwa choti lamulo ndi lamulo. Ndipo wowazunza ndine. Phwandoli, mabaluni awa, bokosi losadziwika lija, kwa iwo zonsezi sizikutseka kanthu.

Ndinene zoona, ndikuopa. Pa Seveni pakhala aphunzitsi athu awo avala zobiriwira. Mayeso a wailesi anakhoza bwino, a Mlongoti anawaphunzitsa okha, mpaka "Bwerezani" anatengera. Aphunzitsi, sindikukukayikirani, ndipo musamangirire kanthu ku thirakitala. Koma khutu langali linazolowera. Ndikati "Seveni," limadikira mawu amodzi. Sindikudziwa kuti tsiku limenelo ndidzatani. Mwina ndidzaitana kawiri.

Basi, ndazungulira mokwanira. Ovaova yanga ili pano. Alamu, musandinamize, ndikudziwa kuti yawo ili m'thumba la jekete. Si imeneyo! Pa phwando lawo lomwe, atatchaja kale. Yatsani, achimwene.

Seveni, Seveni, kuno ndi Likulu. Mukundimva?

Mwawamva? Akuti bwerezani! Tatalikirana matebulo awiri okha!

Seveni, Seveni, kuno ndi Likulu. Mukundimva? Eya. Akuti akundimva bwino. Seveni, mpikisano wanu watha. Mutha...

Mwati chiyani? Ayi, achimwene, musanditero pamaso pa anthu. Ndalimba mtima miyezi isanu ndi itatu kuti ndifike apa.

Akuti tsache silinadutse.

Musaseke, akunena zoona. Ndayambanso kulumpha lamulo, ine yemwe uja. A Tsache, siyani mbaleyo. Imirirani. Yambirani kukhomo uko, muyende pang'onopang'ono, muziyang'ana uku ndi uku monga mumachitira. Mudutse patsogolo pa tebulo lawo. Ana, chotsani miyendo m'njira, tsache likudutsa. Ndi limenelo. Ladutsa.

Taonani, atulutsa pensulo. Akuyang'ana wotchi. Akulemba pa kapepala kopukutira m'manja.

Seveni, kuno ndi Likulu. Perekani lipoti lanu.

Akumbuyo simunamve, ndikubwerezereni. Akuti, "Onse adutsa. Tsache ladutsa. Palibe watsala m'njira."

Zaka makumi atatu ndi ziwiri, palibe watsala m'njira. Dikirani pang'ono. Wina andipatse madzi. Ayi, siyani, ndikamwa ndiyambanso kuzungulira.

Seveni, kuno ndi Likulu. Lipoti lanu ndalandira. Zikomo chifukwa cha fumbi lonse limene mwameza, dzuwa, mvula ija, ndi anthu amene mwawabwezera kwa ana awo. Seveni, mutha kutseka.

Kanyale kofiira ka ovaova yawo kazima. Alamu, ndi awo amuna anu, ndakubwezerani. Mpando uja muuike pakhonde, pamthunzi. Loweruka azidzuka dzuwa litatuluka ngati anthu ena onse. Akayamba kulemba manambala a magalimoto odutsa pamsewu wa kwanu, asiyeni, musawalande pensulo. Achimwene, kapumeni bwino. Mukafuna kubwera kumpikisano, mutenti mwanga muli malo, mudzangokhala n'kumadya mabisiketi, kutali ndi batani.

Tsopano nonse imirirani. A Fotini, yambitsani ndinu. Tiwaombere m'manja a Mlongoti, mwamphamvu ndithu, kuti asanene kuti bwerezani!