Girizi wa Alamu

Tinali titangopitirira pa Ntaja, ngolo imene tinkakoka ndi galimoto itadzaza nsomba zouma za ku Chiuta zopita kumsika wa ku Balaka, pamene gudumu lakumanzere la ngoloyo linayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Ndinaimitsa galimoto, ndipo ine ndi alamu anga a Jasten, amene ndimayenda nawo pa geniyi, tinatsika.

"Alamu," ndinatero, "girizi uja munaika?"

"Ndinapakira."

"Liti?"

"Lero m'mawa."

Ndinakhudza pakati pa gudumu. Ndinachotsa dzanja msanga n'kuliika m'kamwa.

"Aaa! Apa mutha kuwotchapo chimanga! Beyaring'i yodya girizi lero ingatenthe chonchi?"

"Kaya. Ine ndimapakira ulendo uliwonse."

"Ulendo uliwonse? Mukufuna kundimalizira chitini? Ndi kamodzi pa chaka basi!"

"Makaniko wa ku Liwonde uja anati ngolo ikamalowa m'madzi, osadikira chaka. Ifetu timalowa nayo mpaka m'matope a kunyanja."

"Makaniko adziwa chiyani? Ine ngolo iyi ndinaigula iye asanamere ndevu. Kamodzi pa chaka!"

"Chabwino. Ndiye masiku enawo azitsala kunyumba?"

"Ndani?"

"Girizi."

Ndinawayang'ana. Iwo anandiyang'ananso, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi.

"Alamu, girizi ameneyu mumamuika pati?"

Anakwera pangolo, anasuntha mtanga wa nsomba, n'kutulutsa chitini. Chivindikiro chinali chisanatsegulidwepo chigulireni.

"Nayu. Pakona pomwepa, kuti dzuwa lisamamuwombe."

"Mayo ine! Ndinati muzipaka! Kupaka!"

"Iyayi, munati, 'Musaiwale girizi pangolo.' Sindinamuiwalepo ngakhale tsiku limodzi. Mufunse achemwali anga."

"Alongo anuwo asiyeni! Nsombazi zikagona pamsewu, ndikawauza chiyani? Taonani mitambo iyo!"

"Ndiye nditsegule?"

"Ayi, mumujambule chithunzi!"

Anayamba kupisa m'thumba kufuna foni.

"Tsegulani, alamu! Ine ndinalakwa chiyani kuti pa alamu onse a m'Machinga muno andipatse inu?"

"Munasankha nokha mkazi."

Anatsegula ndi sipanala, anatapa ndi chala, n'kuima chala chili m'mwamba.

"Ndipake pati?"

"Pa beyaring'i."

"Ili pati?"

"Taonani munthu wamkulu! Patukani. Musanabwere inu, ndinkapaka ndekha chaka ndi chaka, osafunsa munthu."

Ndinapinda malaya, ndinagwada m'fumbi. Anthu a kabaza awiri anali ataima kuti aonere, ndiye ndinakweza mawu kuti nawonso aphunzirepo.

"Mumatapa chonchi. Ndiye mumazunguliza apa, apa, ndi apa. Zonse zisanu ziwale. Mwaona?"

A Jasten anawerama, anayang'anitsitsa, anakanda m'mutu.

"Alamu, amenewotu ndi manati omangira gudumu."

"Ndi beyaring'i!"

"Makaniko atagwira ya galimoto ija anachotsa gudumu, n'kutulutsa kachitsulo kozungulira kam'kati, kokhala ndi timipira. Anati beyaring'i ndi kameneko."

"Kam'kati?"

"Kam'kati."

Wakabaza mmodzi anatembenuka, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatsala chogwada, chala chili noninoni, ndikuyang'ana manati anga onyezimira bwino.

"Ndiye kuti zaka zonsezi mumadzoza manati?" anafunsa a Jasten, mopanda chipongwe n'komwe.

"Sanachitepo dzimbiri," ndinayankha motsitsa.

"Zoona, ndi okongola." Anatseka chitini mosamala. "Komatu bola ine, alamu. Tonse sitinapake, koma ine girizi sindinawononge."