Wotchi Inandiitanira Ambulansi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muli. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a mtima amene anatsala pang'ono kunditenga ndili ndekhandekha.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Wheaton, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndimawasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwanyamula. Bambo a kunyumba atamwalira ndinayamba kugwira mashifiti awiri, ndipo thupi linafika potopa moti ngakhale tulo sitinkathandiza. Mtima unkathamanga ngati ndakwera chitunda, ine n'kumati ndi kutopa chabe. Ngakhale kupemphera kunkandilemera. Ndinkangoti, "Ambuye, mukundiona," mawu n'kuthera pomwepo.

Mwana wanga Tadala, amene akuphunzira unamwino ku Bowie, anandigulirapo kale kawotchi kowerenga mapazi. Ndinakaponya m'dirowa. Munthu woyenda tsiku lonse m'zipinda za odwala, wotchi ingandiuze chiyani chachilendo? Chaka chatha anabwera ndi ina yamakono. Iyi umayankhira foni pamkono pomwepo, imamvetsera kugunda kwa mtima, ndipo ukagwa imadziwa. Ndinakana. Iye anandiveka yekha n'kunena kuti, "Amayi, ngati simuvalira inu, valirani ine."

Posakhalitsa inayamba kundichenjeza kuti mtima sukugunda bwino. Ndinkangofufuta uthengawo. Kuchipatala ndipita liti, nanga shifiti andigwirira ndani?

Loweruka lina masana ndinatsikira kuchipinda chochapira zovala, pansi pa mdadada umene timakhala ku Greenbelt. Munalibe munthu, ndipo foni ndinali nditaisiya m'nyumba. Nditawerama kuti nditulutse zovala m'makina, m'maso munada bii. Ndinagwa. Ndinkamva wotchi ikunjenjemera pamkono, koma kudzuka ayi, kukuwa ayi. Itaona kuti sindikusuntha, inaimba yokha nambala ya zangozi, n'kutumizanso uthenga kwa Tadala wosonyeza pamene ndinali.

Ndinatsitsimukira mu ambulansi. Adokotala anandiuza kuti thandizo likanachedwa, bwenzi anthu akusonkhana pa maliro.

Sindinganame kuti ndachiriratu. Mankhwala ndikumwa tsiku ndi tsiku, shifiti imodzi ndinaisiya, ndipo masitepe amandilemerabe. Koma ndili moyo, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anadzera mwa mwana wanga wosamva kukanidwa uja.

Inu amene mukusamalira makolo a eni pamene thupi lanu likulira, musataye mtima. Pempherani ngakhale mawu atakuthawani, koma pitaninso akakuyezeni. Mulungu sanatiwolotse nyanja kuti tidzafere pa simenti, pafupi ndi makina ochapira.