Mutu Wachinayi wa Lipoti la a Umboni

Mlongo wathu amene tikuwagoneka lero anamwalira Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, nthawi ya 9:40 m'mawa, m'wodi ya amayi pa chipatala chachikulu, atadwala impso kwa miyezi inayi. Anali ndi zaka 57. Kunyumba tinkati achemwali, kutchalitchi ankati amlembi, koma dzina limene linafala ndi lomwe anawapatsa ophunzira awo, lakuti a Umboni. Ine ndine mlongo wawo wopondana nawo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo tsiku lililonse limene nditchule lachokera pa pepala lomwe tili nalo.

Malemu anabadwa pa 2 Febuluwale 1968 m'nyumba za ogwira ntchito pa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu anali kalaliki wa katundu. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Bambo anali ndi lamulo limodzi lomwe ankatiuza ngakhale pa chakudya, lakuti katundu amene sunamuone ndi maso ako usamusayinire. Anayi tinkangoseka. Achemwali okha ndi amene analisunga.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1974, ndipo mu 1982 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Mu 1986 analowa sukulu ya ukachenjede kukaphunzira za malonda, natenga digiri yawo yoyamba mu 1990. Kumeneko anakhala benchi limodzi ndi mnzawo amene lero ndi Mkulu wa sukulu ya za malondayo. Popeza kwawo kwa mnzawoyo kunali kutali, tchuthi ankachithera kwathu, ndipo ankagona chipinda chimodzi ndi ine. Mayi athu ankawatchula kuti mwana wanga. Mnzawoyo ankati kwa malemu mlongo wanga, malemu nkumati achimwene, ndipo ana a malemu mpaka lero amawatchula kuti amalume.

Pa 14 Ogasiti 1993 malemu anamanga banja ndi alamu athu, mphunzitsi wa ukalipentala. Mboni ya ukwatiwo anali mnzawo uja. Alamu amakonda kunena kuti atawafunsira, achemwali anafunsa umboni woti chikondicho ndi chenicheni, ndiye iwo anapita kukakhoma shelefu ya mabuku, nkubwera nayo pa njinga. Shelefuyo ikadalipo pabalaza, ndipo sinagwederepo. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Ntchito anayamba mu 1991 ngati woyang'anira nyumba yosungira katundu pa kampani ina yogulitsa zinthu mopikulitsa. Mu 1995 anabwerera ku sukulu ya za malonda ngati mphunzitsi. Digiri yachiwiri anatenga mu 1999, ndipo ya udokotala mu 2008. Ankaphunzitsa za kayendedwe ka katundu kuchoka kwa wopanga kukafika kwa womugwiritsa ntchito. Wophunzira akalemba chinthu chosatsimikizika, iwo ankalemba m'mbali ndi cholembera chofiira mawu atatu okha akuti umboni uli kuti. Dzina lija linachokera pamenepo. Ofesi yawo inali chipinda nambala 14, moyang'anizana ndi masitepe, ndipo anakhalamo zaka 21.

Sukuluyi ili ndi mndandanda wa akatswiri umene imapereka kwa atolankhani, kuti nkhani ikabuka m'dziko adziwe woti amuimbire. Malemu analembedwa pa mndandandawo mu 2009. Sanali wophweka kwa atolankhani. Mafuta a galimoto atasowa mu 2016, anzawo analankhula pa wailesi tsiku lomwelo, koma iwo anayamba aima masiku atatu pa malo omwetsera mafuta ndi kope m'manja, kulemba nthawi imene thanki yafika ndi nthawi imene mafuta atha. Mtolankhani wina anadandaula kuti a Umboni amayankha nkhani itazizira kale. Iwo anamuuza kuti chotentha chimaotcha lilime, ndipo mtolankhaniyo anapitiriza kuwaimbira kwa zaka zina zisanu ndi zitatu.

Kutchalitchi anali mlembi wa bungwe la amayi kuyambira 2003 mpaka pamene anadwala. Abusa anenapo kangapo kuti ankaopa kulakwitsa vesi pa guwa, chifukwa ankadziwa kuti pakhomo akapeza amlembi akudikira ndi Baibulo lotsekula kale. Kwaya anaiyesa chaka chimodzi, kenako anapempha okha kuti azingosunga kaundula wa oimba.

Tsopano ndinene za ntchito yawo yomaliza, chifukwa anandipempha kutero.

Mu Juni 2022 unduna wa zaumoyo unapempha sukuluyi kuti ifufuze chifukwa chimene mankhwala amasowera m'zipatala za boma pamene mapepala akusonyeza kuti anatumizidwa. Mkulu wa sukulu anapereka ntchitoyi kwa malemu. Kwa miyezi 18, Lolemba lililonse, ankapita ku chimodzi mwa zipatala zitatu, kulowa m'chipinda chosungira mankhwala, kuona makatoni ali pa shelefu ndi kuyerekeza ndi zolembedwa pa pepala la wobweretsa. Zonse ankalemba m'makope a chikuto chobiriwira. Tsamba lililonse ankalisayina anthu awiri, iwo ndi wosunga mankhwala wa pamalopo, ndi tsiku lake. Osunga mankhwalawo poyamba ankakana kusayina poopa mabwana awo. Amene anayamba kuvomera ndi mayi wina wa pa chipatala cha kumsika, amene wagwira ntchitoyi zaka 19. Malemu anamulonjeza kuti siginecha yakeyo ndi imene idzamuteteze. Pomaliza makopewo anakwana 41.

Lipoti linaperekedwa kwa Mkulu wa sukulu pa 6 Febuluwale 2024, ndipo linali ndi mitu isanu. Mutu wachitatu unasonyeza kuti mankhwala olembedwa pa pepala anali ochuluka kuposa amene anali pa shelefu. Mutu wachinayi unafotokoza chifukwa chake. Kampani yonyamula mankhwala inagwirizana ndi boma kuti izitumiza milungu iwiri iliyonse, koma lole inkadikira kuti idzaze kaye, ndipo nthawi zina pankapita masiku 47. Pa pepala kampaniyo inkalemba tsiku la m'pangano, osati tsiku limene lole yafika. Choncho chipatala chinkaoneka ngati chalandira katundu amene anali akadali ku depoti ya kampani. Palibe katoni ngakhale imodzi imene malemu anapeza kuti yabedwa m'zipinda zitatuzo.

Kampani yomweyo ndi imene inkamangira sukuluyi holo yatsopano yophunziriramo.

Pa 20 Febuluwale malemu anaitanidwa ku ofesi ya Mkulu. Zomwe zinakambidwa anazilemba m'buku lawo madzulo a tsiku lomwelo, ndipo ndiwerenga monga zilili. Mkulu anawapatsa tiyi, nafunsa za ana, kenako anati, "Mlongo wanga, holo ija denga silinafoleredwe. Mutu wachinayiwu udikire kaye, mlandu suola."

Malemu anayankha kuti, "Achimwene, mukachotsa wachinayi, wachitatu usanduka mlandu wa anthu osalakwa. Anthu amenewo anasayina chifukwa cha ine."

Mkulu anawatsimikizira kuti palibe chimene chidzatuluke iwo asanachione. Malemu anakhulupirira, ndipo m'bukumo analemba kuti munthu amene anadya m'mbale ya mayi athu sangawanamize.

Lipoti linatuluka pa 30 Epulo 2024 lili ndi mitu inayi. Wachisanu unapatsidwa nambala ya wachinayi, ndipo dzina la malemu linali pachikuto. Iwo anadziwa za kutuluka kwake kudzera kwa mtolankhani uja, amene anaimba kufuna ndemanga. Anamupempha kuti adikire mpaka aonane ndi achimwene awo. Pa 3 Meyi dzina lawo linachotsedwa pa mndandanda wa akatswiri, ndipo kalata yozungulira inakumbutsa aphunzitsi onse kuti wosalembedwa pa mndandandawo akalankhula kwa atolankhani za kafukufuku wa sukulu, waphwanya pangano la ntchito. Ife abale tinawauza kuti alankhule basi. Anakana. Anati nkhani ya m'nyumba iyambe yathera m'nyumba, ndipo analemba makalata awiri ku komiti ya aphunzitsi, pa 13 Meyi ndi pa 1 Julayi. Onse sanayankhidwe.

Mu Ogasiti mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi anatheratu m'zipatala zitatu zija. Lolemba pa 9 Seputembala Mkulu wa sukulu analankhula pa wailesi nthawi ya nkhomaliro. Anawerenga manambala a mutu wachitatu, nanena kuti sukulu yake inaliona kale vutoli, ndipo anamaliza ndi kunena kuti mafunso apite kwa amene amasunga makiyi a mankhwala. Malemu anamvera pologalamuyi m'khitchini mwawo pamodzi ndi alamu. Itatha anazimitsa wailesi, nabwezera chakudya mumphika. Pa 1 Okutobala osunga mankhwala atatu anaimitsidwa ntchito powaganizira kuti anaba. Kalata yowaimitsa inatchula lipoti la malemu ngati maziko ake.

Malemu anatumiza mutu wachinayi, umene anali nawo kunyumba, ku komiti ya unduna yomva nkhaniyi. Komitiyo inayankha pa 4 Novembala kuti pepala lotayipa, lomwe sukulu sikulivomereza, si umboni, ndipo inapempha makope enieni okhala ndi masiginecha. Malemu atawerenga anati komitiyo yanena zoona, ndipo iwonso akadayankha chimodzimodzi. Makopewo anali m'kabati ya m'chipinda nambala 14. Anapangana ndi alamu kuti akawatenga Lachisanu pa 15 Novembala, koma Lachinayi anakomoka ali m'kalasi, ndipo anagonekedwa m'chipatala.

Madokotala anapeza kuti impso zonse ziwiri zinali zitafooka kwambiri. Banja silikunena kuti nkhani ya lipoti ndi imene inawadwalitsa. Tinafunsa dokotala, ndipo anati sangatsimikize. Malemu sakadalola kuti tinene chimene dokotala sanatsimikize.

Pa 2 Disembala alamu anapita ku sukulu ndi kiyi wa malemu. Kiyi sanalowe. Mlonda anawauza kuti loko anasinthidwa sabata yapitayo molamulidwa ndi ofesi ya Mkulu, chifukwa zolemba za kafukufuku ndi katundu wa sukulu. Alamu ndi kalipentala, ndipo loko wotereyu akadamuchotsa asanamalize kupereka moni. Atanena zimenezi kuchipatala, malemu anawaletsa. Anati kope lotuluka pa chitseko chothyola silingathandize munthu pa mlandu. Anasayina makalata atatu opempha makopewo, pa 9 Disembala, pa 20 Januwale ndi pa 17 Febuluwale. Yomalizayi ndinalemba ndine, iwo akunena mawu, ndipo anaiyamba ndi mawu akuti achimwene, wakutsina khutu ndi mnansi.

Mkulu anabwera kuchipatala kamodzi, pa 25 Febuluwale. Anakhala mphindi 11. Anati nkhaniyo ili m'manja mwa loya wa sukulu, ndipo anapemphera asanatuluke.

Pa 2 Malichi kunabwera mayi wosunga mankhwala uja, atanyamula malalanje. Anali atakhala miyezi isanu pakhomo, ndipo anatiuza kuti kumsika ana amamuloza chala. Sanakweze mawu. Anawagwira dzanja malemu, nati, "Aphunzitsi, paja munati siginecha yanga idzanditeteza." Malemu anayang'ana kukhoma. Mayiyo atapita anandiitana, nandiuza kuti, "Iwe, pamaliro anga udzanene masiku ake molondola. Usadzawonjezere, usadzachotse. Ochotsa alipo kale."

Sabata yotsatira anasiya kulankhula, ndipo pa 11 Malichi anatisiya, alamu ndi mwana wawo wamkazi ali pambali.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, mpongozi wamkazi mmodzi ndi adzukulu awiri. Asiya mayi athu a zaka 81, amene ali pakati pathu pano, ndipo dzulo anafunsa ngati mwana wawo uja, Mkulu wa sukulu, wabwera. Tinawauza kuti wabwera, ndiponso watumiza nkhata yamaluwa, yaikulu kuposa zonse. Asiya alongo awo atatu ndi mng'ono wawo mmodzi. Asiyanso anthu atatu amene anasayina m'makope awo, ndipo awiri mwa iwo akhala kumbuyo uko, pafupi ndi chipata.

Achemwali athu, katundu amene simunamuone simunamusayinire. Apumule mu mtendere wa Ambuye amene anawatumikira.

Malinga ndi ndondomeko ya mwambowu, ine ndikakhala pansi alankhula ndi Mkulu wa sukulu ya za malonda. Komiti ya unduna ikhala komaliza pa nkhani ya osunga mankhwala Lachinayi likudzali, pa 20 Malichi, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Kufikira m'mawa uno, makope 41 ali m'chipinda nambala 14, ndipo kiyi wake sitinalandire.