Mbatata yotentha ya ku Karonga

Kale, ndisadabwere kuno ku Area 23, msewu wa ku Karonga ukadali wafumbi, ndinkapala matabwa ku Mzuzu. Iwe Chisomo, ika pansi foni yako imene ikukuuza kuti kuchoka Mzuzu kukafika Karonga pa ndege ndi pafupi. Ine kufupikako kudatsala pang'ono kundilanditsa agogo ako.

Agogo anuwa, a Tusekile, adali namwali wa ku Karonga, ndipo amalume awo adalamula kuti ndikaonekere Loweruka, apo ayi amupereka kwa mphunzitsi wina amene ng'ombe zake zidali kale chire. Koma mvula idagwa yoopsa, msewu n'kuduka pa Chiweta, basi osadutsa. Ndidalira ngati mwana, ana inu, ine mnyamata wa ku Dowa ndevu zili pepeya.

Bwana amene ndinkamukhomera zitseko adandimvera chisoni n'kundipezera malo m'kandege kakang'ono. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndidavomera msangamsanga. Koma kwathu munthu sayenda wopanda kamba, ndipo mayi a nyumba imene ndinkachita lendi adandiphikira mbatata yodzaza poto, n'kuikulunga m'masamba a nthochi ndi chitenje, poganiza kuti ndi ulendo wa masiku.

Kandegeko kadanjenjemera ngati chigayo, ine maso tsinzi, kupemphera mapemphero onse a ku Sande sukulu. Ndisadamasule n'komwe mfundo ya chitenje, akuti tsikani, mwafika! Masiku ano mumadandaula kuti minibasi ya ku Mchesi yachedwa, koma ine tsiku limenelo ndidadandaula kufulumira.

Kumudziko amalume adandilandira pamkeka, n'kufunsa kuti ndidanyamuka liti poti msewu ndi woduka.

“Lero lomwe m'mawa, bambo,” ndidatero.

Adamasula mtolo wanga, kukhudza mbatata, dzanja n'kubweza. “Ikutentha! Mbatata ya ku Mzuzu kufika kuno ikufuka nthunzi? Mwana wathu sitipereka kwa munthu wouluka pa lichero.”

Musaseke, ana inu, zidali zoopsa. Anthu adayamba kusuntha mikeka. Ndidati ndabwera pa ndege ya azungu, koma iwo adati ndege imakwera nduna, osati kalipentala wa zigamba m'mawondo.

Pamenepo Tusekile, amene mwamwambo sankayenera n'kusuzumira komwe, adatuluka m'nyumba, kugwada, kutola mbatata imodzi n'kuidya onse akuona. “Ngati ndi ya ufiti, ndife nayo ine,” adatero. “Kandegeko ndakaona ndekha ndili kumunda wa mpunga. Uyu wadutsa kumwamba chifukwa cha ine. Aphunzitsi anuwo amakhala kuseri kwa mpandaku, koma adayamba abwerapo ngakhale ndi nthochi?”

Amalume nawo adatambasula dzanja n'kutenga yawo. Mbatata yonse idatha, ine osalawako ngakhale khoko.

Ndiye iwe Chisomo, foniyo idziwa mtunda, koma siidziwa amene akukudikira kutsogoloko. Ukadzapeza wako, usadzawerenge mapiri, ndipo usadzapite chimanjamanja. Taonani agogo anuwo akuseka pakhomopo. Mpaka lero ndikagula mbatata pamsika, yoyamba amadya ndi iwo, akuti akuyesa ngati ndine mfiti.