Wodzaomba M'manja Loweruka

"Kamtsikana kanga kanandifunsapo kuti, 'Adadi, kodi kwanu ndi kubwalo la ndege?'" anatero bambo wina pa siteji ya basi, atakhalira sutikesi, akuuza neba wake.

"Mukupitanso, achimwene?"

"Kampani yandituma. Chibwerereni kudziko la eni kuno, ndine katundu basi. Ndiye Loweruka kamtsikanako kakuimba koyamba pakonsati, muholo yaikulu ija. Amayi ake angochira kumene, sangachoke ndi khanda."

"Nanga akakaombere m'manja ndani?"

Bamboyo anangopukuta kumaso.

"Siyirani ine," anatero neba uja. "Ndikakhala kutsogolo, ndikakuimbirani pavidiyo, foni m'mwamba mpaka nyimbo yomaliza. Ngakhale mkono ukachite dzanzi, sindikatsitsa. Inu mukangovala malaya abwino kuhotelo komwe mukafikireko, kamtsikanako kakakuoneni pafonipo."