Mpata Umene Unawakanika a Efulemu

A Manijala, bwana wathu. A Tcheyamani a nthambi ya chipani, pamodzi ndi mayi akunyumba. Akapitawo, alonda, matenanti ndi anzanga omanga mpanda. Mayi Esitere ndi ana, mwapalasa njinga kuchokera ku Nathenje, takulandirani. Moni nonse.

Ine ndine Isake. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndiye musayembekezere mawu okometsera. 

Tasonkhana chifukwa cha bambo awa, a Efulemu. Akoka waya waminga pa esiteti ino zaka khumi ndi zisanu. Lero akupuma.

Nkhani ya sabata yawo yoyamba, mu 1971, ine ndinangoimva. Anawatuma kumanga khola la ng'ombe. Anamanga lokongola zedi, mizere isanu, yolimba ngati zingwe za banjo. Atakhoma msomali womaliza anayang'ana uku, anayang'ana uko. Khomo palibe. Iwo ali m'kati. Nkhunzi nayo ili m'kati! Anatulukira pansi pa waya, koma buluku linatsala pomwepo. Mayi Esitere, ndikuwanamizira amuna anu? Akuti anafika pakhomo atavala thumba la feteleza. Taonani, mayi akubisa nkhope!

Ndiye pali khalidwe lawo lija. Bambo awa sadutsa mzati osaumenya ndi phazi. Wa chigafa, wa golosale, wa tchalitchi, onse. Pa ukwati wanga anamenya mzati wa chisakasa, udzu wonse n'kugwera apongozi anga. Iwo osapepesa n'komwe. Anangoti, "Ndimaona kuti ndi wachiswe."

Koma pali ntchito imodzi imene inawakanika. Nonse mukuidziwa, ngakhale sitiitchula pagulu. Ndikunena mpata wa pamkuyu, pa waya wakumpoto.

Esiteti isanabwere, pano panali minda ya makolo athu, ndipo njira yathu ya ku Mitundu inkadutsa pakati. Midzi itatu anaisamutsira kuseri kwa dambo, waya n'kudula njira. Wozungulira mpanda amayenda maola atatu kukafika kuchipatala. Wodutsa pamkuyu, ola limodzi silikwana. A Tcheyamani, sindikutsutsa kanthu. Za malo anagamula ndi akuluakulu, ndipo khadi langa la chipani lili m'thumba muno, la mkazi wanga lilinso kunyumba. Ine ndikungonena za mtunda.

Tsiku langa loyamba, a Efulemu anandiphunzitsa kulumikiza waya. Umapota kasanu ndi kamodzi, n'kufinya ndi pulayazi. Titafika pamkuyu, anangopinda kamodzi n'kukoleka, moti ngakhale mayi wobereka mwana atha kukolola ndi dzanja limodzi. Ndinati, "Bambo, apa mwaiwala." Anati, "Mphwanga, ndakalamba, dzanja limatopera pomwepa." Zaka zonsezi, dzanja kutopera pamtengo umodzimodzi!

Mukuseka, koma iwo zinawapweteka. Makalata a chenjezo analandira atatu. Ukapitawo unawadumpha kawiri, n'kupita kwa anthu amene anawaphunzitsa okha. Chaka china anawaitana ku nthambi, akuti akusokoneza chitukuko, n'kuwakhazika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Atabwerako sanatukwane munthu. Anamwa madzi, anatenga pulayazi, anapita kukakonza waya. Dzanja linatoperanso pamkuyu.

Ine ndinkaona ngati ndi liuma chabe, mpaka Januwale wa chaka chatha. Mwana wanga Martina, uyo ali pamiyendo pa amake, anatentha thupi masana n'kuyamba kukomoka. Ine ndinali kuno kuntchito. Mkazi wanga Enifa anamubereka kumbuyo n'kuthamanga. Anakolola waya uja, anadutsa m'munda wa fodya, anatulukira kumsewu. Anamwino anamuuza kuti akanachedwa pang'ono, sakanabwerera naye wamoyo. Bambo Efulemu, sindinakuthokozenipo, chifukwa ndikatero ndikanakhala ngati ndakuululani. Lero mwapuma, kalata yachinayi singakupezeni. Zikomo, bambo. Zikomo kwambiri.

Tsopano, bwana Manijala, mundikhululukire. Lachitatu munandiitana. Munati waya watsopano wafika, Lolemba ndikatseke pamkuyu, ndipote mokwanira, ndipo ndikatero malo a a Efulemu pantchito pano ndi anga. Ndinati inde bwana. Ku ofesi ndimangoti inde, chifukwa ndikaona tebulo lija mawu amandithera. Koma taganizani, bwana. Enifa ndi woyembekezera, mwezi uno ndi wachisanu ndi chitatu. Mvula yayandikira, dambo lidzadza, njira yozungulira ija ivuta. Ndikakana, ntchito yatha, ana adya chiyani? Ndikatseka, ndiye kuti ndamutsekera mkazi wanga ndi manja anga omwe.

Madandaulo anu ndawamva. Mbuzi zikulowa, ndi zoona. Fodya akubedwa, mwina. Koma wakuba sayenda mpaka pamkuyu, bwana, amadula paliponse, ndipo amene timakalumikiza ndife. Mwini esiteti amakhala ku tauni, njira imeneyi sanaiyendepo. Inu mwaiona. Nanga fodyayo amalima ndani? Si anthu omwewa, amene akadwala timawauza kuti azungulire?

Ine sindikupempha malo. Ndikupempha chipata. Ndapima kale, pakufunika mizati iwiri ya bulugamu, matabwa a chigafa chakugwa chija, ndi mahinjesi awiri. Ndi ntchito ya theka la tsiku. Mbuzi sitsekula chipata. Mlonda alipo kale chapafupi, azingoona wolowa ndi wotuluka.

Bwana akuti tikambirana ku ofesi. Chabwino, bwana. Ndibwera.

A Efulemu, mwatiphunzitsa kukumba dzenje lowongoka, kusamala zala, ndi kudya pamodzi ngakhale ndiwo zitachepa. Simunatimenyepo, simunatinenerepo kwa akulu. Pitani ku Nathenje mukapume. Mukalime mbatata, mukaweteko nkhumba ziwiri, mabala a m'manjawo akapole. Mayi Esitere, tikukubwezerani amuna anu, koma mizati ya pakhonde muiyang'anire.

Tsopano tiwaombere m'manja, koma ndipemphe tichite mwadongosolo. Ayambe okhawo amene anadutsapo pamkuyu, kapena anadutsitsapo wodwala, mwana, kaya maliro. Amene simunadutsepo, dikirani kaye. Musaope, ndayamba ine.

Eya, matenanti. Alonda, inunso? Akapitawo, musabise manja pansi pa benchi, tikukuonani. Mayi a kwa a Tcheyamani, zikomo mayi, ndakuonani. A Tcheyamani, zikomo!

Bwana, amene ndinati adikire aja ndikuwasowa. Mwatsala ndinu nokha. Mwamva ndi makutu anu, ndipo Lolemba ndikamabwera ku ofesi ndidzakhala nditasenza mizati iwiri ija. Tiombereniko nanunso, bwana, ndi tsiku la a Efulemu. Mwamphamvu, nonse, mpaka amve ku Mitundu!